Mzinga wanga woponyera mbedza

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Langa linanunkha, ndipo anthu a ku Nkope akulikumbukirabe mpaka lero.

Ine kwathu ndi ku Namwera, kumapiri, ndipo kuno kunyanja ndinabwera chikamwini. Ntchito yanga ndi yokonza njinga. Vuto linali limodzi basi: madzi amandiopsa. Ndikangokwera bwato mutu umazungulira, phala la m'mawa n'kubwerera komwe linalowera. Tsono taganizani, apongozi anga, Che Amidu, ndi msodzi wotchuka, ana awo onse ndi asodzi, koma mkamwini ndiwo amachita kupatsidwa ngati mwana. Mkuluyo akamandipatsira nsomba ankayang'ana kumbali, ndipo zinkandiwawa kwambiri.

Tsiku lina ndinaona pa foni azungu akuponya mbedza kutali pogwiritsa ntchito mpweya, iwo ali chiimire pamtunda. Kupha kampango osanyowa ngakhale chala! Ndinaona kuti Mulungu wayankha anthu a kumapiri.

Zipangizo sizinavute. Ndinapeza paipi, kampopi kotsegulira madzi, ndi vavu ya chubu cha njinga. Botolo lapulasitiki la malita awiri ndinalimasula pa ukonde wakale womwe apongozi anautaya, pomwe linkagwira ntchito yoyandamitsa ukondewo. Linali lotuwa ndi dzuwa, lokalikakalika ndi mchenga (ine ndinati botolo lomwe lapirira mwera silingagonje ndi pampu ya njinga). Ndinaliboola kumatako ndi msomali wamoto, n'kulowetsa vavu, n'kumanga ndi mphira. Kukamwa kwake ndinalumikizako kampopi kaja ndi paipi.

Poyesa koyamba ndinapopa pang'ono, n'kuika kamango kakang'ono mu paipi. Nditatsegula kampopi, kamango kaja kanauluka kupitirira thandala la usipa mpaka kukagwa m'madzi. Ndinavina ndekha pamchenga, munthu wa ndevu.

"Bambo a Hawa, chinthuchi chidzakupwetekani," anatero mkazi wanga Asiyatu. "Botolo limenelo si ndi lomwe ababa analitaya?"

"Iwe tsuka mapoto," ndinamuyankha. "Lachisanu kampango ukaperekanso kwa amayi ako."

Nyambo ndinaikonza mwaukatswiri: usipa woola, wosinja, wovundikira mu chitini mpaka ntchentche zinayamba kundipatsa ulemu. Lachisanu m'mawa ndinaphatika nyamboyo pa mbedza, ina yambiri n'kuisindira mu paipi, chingwe n'kuchikulunga bwinobwino pamchenga. Ndinapoperatu botolo mpaka linauma gwa, kuti tikamachoka ku mzikiti zonse zikhale zokonzeka. Kenako ndinalisiya pamenepo, padzuwa la Okutobala wa ku Mangochi, lomwe ngakhale mbuzi zimalithawa. Munthu wokonza njinga, amene tsiku lililonse ndimauza akabaza kuti asasiye matayala okhuta padzuwa, nzeru imeneyo tsikulo inali ku Namwera.

Titatuluka mu mzikiti ndinawayandikira apongozi n'kunjuta.

"Baba, ndimati mukaone kantchito kanga kugombe."

Anabwera, atavala mkanjo wawo woyera mbee, kumbuyo kwawo kuli azilamu anga ndi amuna ena omwe anamva kuti mkamwini wa Che Amidu wapanga mzinga. Nditaona kuchuluka kwa anthu, ndinati mbedza ikagwa pafupi ndichita manyazi, bola ndionjezere mpweya.

Ndinapana botolo m'mawondo, lili lotentha ngati mbatata yootcha, n'kuyamba kupopa. Linalira kuti tswa, tswa.

"Akamwini, kodi sichikudandaula chinthuchi?" anafunsa Che Amidu, akuwerama kuti aone bwino.

"Ayi baba, ndiye kuti chikukhuta."

Ndinakankha pampu kamodzinso.

Phokoso lake sindinalimve lonse, chifukwa makutu anatseka pakati pake. Ndinangozindikira ndili chagada, miyendo m'mwamba, buluku litang'ambika kuchokera pabondo mpaka kosayenera kutchula, ntchafu zikuyaka moto. Agalu anali akuthawa, amayi omwe ankayanika usipa atagona pansi pa thandala. Paipi inali uko, mbedza itakola mkanjo wa apongozi m'munsi, ndipo nyambo yanga yonse inali pa iwo, kuyambira pa chisoti mpaka pachifuwa. Ina inkayenderera mu ndevu.

Choipitsitsa chinali chakuti ndinali nditagontha. Ndinkaganiza kuti ndikupepesa monong'ona, mwaulemu wa mkamwini, koma Asiyatu akuti ndinkakuwa moti anandimva kumsewu: "Baba, mwapweteka? Mukununkha, baba!"

Anthu anayamba ayang'ana kaye ngati maso a mkuluyo ali bwino. Ataona kuti ali bwino, kuseka kwake ena anachita kukhala pansi. Che Amidu sanaseke. Anachotsa mbedza pa mkanjo mofatsa, n'kundipatsa m'manja, n'kumapita kwawo ntchentche zikuwaperekeza. Ine ndinabwerera kunyumba nditamanga chitenje cha mkazi wanga. Masiku otsatira ndinkayenda chotangadza, ndikudikira uthenga woti ndinyamule mapampu anga ndibwerere ku Namwera.

Uthenga unabweradi, koma woti ndipite kugombe m'mawa. Ndinawapeza ali pa bwato lawo, m'manja muli botolo lina lapulasitiki lodula pakati.

"Akamwini, ndaona kuti nsomba mumazifunadi," anatero. "Kwerani. Kupalasa simungathe, koma kukapa madzi mungathe. Kuno kunyanja botolo ntchito yake ndi imeneyi."

Ndinakwera. Ndinasanza ulendo wonse, uku ndikukapa, ndipo pobwera anandipatsa kampango mmodzi akundiyang'ana m'maso.

Mpaka pano ndimakapa madzi m'bwato la apongozi, ndipo kusanza kunachepa. Koma ndisaname, ndikaona botolo latsopano, losakalika, ndimalifinya pang'ono n'kumaganiza kuti vuto linali botolo lija basi. Asiyatu pampu amaibisa kwa amayi ake.