Chimphona cha Amake Tisa

Lolemba

Tsiku lathu lomaliza labwinobwino linali Loweruka. Amake Tisa anachapa m'mawa, ine ndinakonza chitseko cha khola la nkhuku, iwo n'kunena kuti ndachikhomera mokhota. Chinalidi chokhota. Masana anabwera anzathu atatu, tinayala mphasa pakhonde n'kuyamba masewera aja amene mwana wathu Tisa anatitumizira kuchokera ku Lusaka: kabuku ka nkhani, madayisi, aliyense ndi munthu wake wa m'nkhanimo. Mmodzi amafotokoza zimene zikuchitika, ena amanena chimene achite, dayisi n'kugamula. Wofotokoza anali amake Tisa. Anatifikitsa pa mlatho wolonderedwa ndi chimphona, n'kutseka kabuku. "Mudzawoloka Loweruka likubwerali, ndikaphule nyemba." Lachiwiri lake anagonekedwa kuchipatala, sanabwerekonso. Papita miyezi tsopano.

Lero alamu aimba foni kuchokera ku Vubwi. Lamulungu abwera kudzagawa katundu wa malemu, monga mwa mwambo. Bokosi la masewera lili m'sutikesi ya amake Tisa, ndiye nalonso ndi katundu.

Basi ndaganiza: tiwoloke sabata ino, bokosi lisanapite! Wofotokoza ndikhala ine.

A Sakala okonza njinga avomera. Mayi Njobvu ogulitsa tomato avomera. A Daka, mkulu wa mpingo, avomera ndisanamalize kufunsa.

Vuto ndi limodzi. Kabuku kakuti chimphonachi anachikonzera osewera anayi, ndipo wachinayi ndinali ine. Masamu osavuta. Ndichotsako pang'ono mphamvu zake, nkhani yatha. Ndatsuka makapu. Pakhonde ndasesa kawiri!

Lachiwiri

Moyo wa chimphona timawerengera nsawa za m'mbale. Wina akachimenya, timachotsamo. Amake Tisa ankaika zaziwisi. Ine ndakazinga zonse, ndi mchere womwe, za alendo ndi za chimphona.

Ndikuwerenga mawu oopsa a m'kabuku mokweza, mpaka ine mwini thupi lachita tsemwe. Sindikuyang'ana mbale. A Sakala akuiyang'ana.

Mayi Njobvu aponya dayisi, mkondo wawo walasa. Ndisuzumira m'mbale: mwatsala nsawa ziwiri, ina yofumbwa. Chimphona chagwa madzi a tiyi asanawire!

"Ndiye ichi tinachiopa miyezi yonseyi?" atero mayi Njobvu.

"Chinali chokoma," atero a Sakala.

Tagwirizana kuti kuwoloka kotere sikuwerengedwa. Mawa tibwereza.

Lachitatu

Ndadzuka ndi nzeru! Chimphona chatsopano:

chimanga chouma m'malo mwa nsawa, tione amene atafune
chizimenya kawiri, ena akamenya kamodzi
chishango chachitsulo
galu

Galuyo m'kabuku mulibe. Ndamuika ndekha, ndipo ndikunyada naye.

Madzulo. Msilikali wa a Daka wapita patsogolo, akuti akambirane nacho kaye mwaulemu. Dayisi yanga yagwa pa nambala yaikulu. Kawiri. Msilikali wafa asanamalize kunena odi. Anthu a mayi Njobvu ndi a Sakala liwiro, galu pambuyo.

A Daka avula magalasi, awapukuta nthawi yaitali. Msilikaliyu akhala naye chiyambire masewera. "Amake Tisa sankapha munthu pa odi," atero.

Ndati tibwereze. Akana, akuti imfa sibwerezedwa. Ndawakumbutsa kuti chimphona chinafa dzulo, lero chauka. Akuti chimenecho si cha mpingo wawo.

Lachinayi

Ndachotsa galu. Chimanga ndachepetsa. Lero zikhala pakatikati, ndikumva m'thupi!

Palibe amene wamenya nkhondo. Akuti pamudzi pali maliro a msilikali, ndani anganyamule mkondo mtembo usanaikidwe?

A Sakala adzisankha okha kukhala mdzukulu wokumba manda. Akufuna nkhuku ya adzukulu, ya m'nkhani, koma maso ali pa khola langa lenileni. Mayi Njobvu ayambitsa nyimbo. A Daka akulalikira pa maliro awo omwe: malemu anali wofatsa, wokonda mtendere, waphedwa ndi masamu a munthu wina amene samutchula dzina.

Kenaka funso: kodi chimphona chauzidwa uthenga wa maliro? Ndi mnansi, mlatho suli patali. Ndafufuza kabuku konse. Pali tsamba la chimphona chikakwiya, pali la chimphona chikavulala. La chimphona chikabwera kudzapepesa palibe. Ndachibweretsa ndekha. Chakhala kumbali ya amuna, chavula chisoti, chatsamira chishango.

Ndaseka mpaka kutsokomola. Kenaka ndalowa m'nyumba pang'ono ngati ndikukatenga shuga. Nditatuluka wopanda shuga, sanandifunse.

Mlatho uli pomwepo. Lamulungu likuyandikira.

Lachisanu

Lero anzanga atanganidwa. Ndiyesa ndekha, ndendende monga kabuku kanenera, osachotsa, osawonjezera. Ndatulutsa munthu wanga wa m'nkhani, mlenje amene sanafepo chiyambire, amene a Sakala ankati ndi wokhwima.

Mlenje wafa. Ndabwereza, wafa. Ndabwerezanso, ulendo uno wagwera yekha mumtsinje chimphona chisanamuone.

Dayisi yawonongeka?! Ndaitsuka ndi sopo. Wafanso.

Ndapita kumsika kukafunsa mayi Njobvu. Aseka mpaka tomato kugubuduka pa thebulo.

"Bambo a Tisa, inu simunkaona? Amake Tisa dayisi ankaponyera kuseri kwa lichero, koma maso ali pa ife. A Sakala akayamba matama, chilombo chinkakula. A Daka akayamba kuodzera, panjira pankatuluka njoka. Inuyo mukangosiya kutafuna, ankati chakuphonyani. Tonse tinkadziwa."

Tonse, kupatula ine. Lichero lija ndinkayesa n'lotchingira mphepo.

Ndagula tomato amene sindikumufuna. Ndabwerera wapansi, njinga ndikukankha.

Koma tsopano njira ndaidziwa. Mawa lichero!

Loweruka

Lichero laima, kabuku ndatsegula, chimanga chili m'mbale. A Daka ali ndi msilikali watsopano, mwana wa mlongo wake wa msilikali anafa uja, wolowa m'malo. Lero tiwoloka!

Ndikuyang'ana nkhope zawo monga ankachitira amake Tisa. Mayi Njobvu afunsa ngati ndili ndi malungo.

Dayisi yagwa poti munthu wa a Sakala afe. Ndati chimphona chaphonya. "Mwanama," atero a Daka. "Mukanama mumakanda khosi." Ulendo wotsatira ndagwira dzanja. Ndakanda bondo.

Tsopano chimphona chikuphonya chilichonse, ngati chaledzera. A Sakala akwiya: "Musatimvere chisoni, mdala, ife si ana!" Ndachilimbitsa. Msilikali watsopano ali kayakaya, a Daka ayambanso kuvula magalasi. Ndachifewetsa. Thukuta kamukamu. Amake Tisa ankatha bwanji zimenezi, uku akusenda nyemba?

Komabe zikuyenda! Tili pakati pa mlatho, chimanga chatsala chodzaza dzanja, a Sakala aimirira. Pageti: "Odi!"

Alamu. Atatu, ndi zikwama. Akuti anapeza galimoto yonyamula thonje, basi abwereretu lero.

Ayang'ana mphasa. Ayang'ana mkulu wa mpingo ali chogwada, akuuzira dayisi mpweya. "Juga, pakhomo pa malemu?" A Daka ayamba kuwafotokozera za chimphona. Zaipiraipira.

Mphasa tapatsa alendo. Chimanga cha chimphona zadya nkhuku.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi, katundu pabwalo. Madiresi kwa ang'ono awo a amake Tisa. Yunifomu ya amayi a mpingo yabwerera kumpingo. Makina osokera apita ku Vubwi. Nsapato zakuda asungira Tisa. Juzi yawo yobiriwira ndaipinda ndekha, ndipo sindinayang'ane amene waitenga.

Bokosi la masewera alamu alikana, akuti sanganyamule juga pagalimoto. Ndikanadziwa, sibwenzi ndikuthamanga sabata yonse. Ndalipereka kwa mayi Njobvu. Munthu amene amati tomato wa dzana ndi wa lero osaphethira, ndiye woyenera kabukuko.

Alamu aakulu afunsa: "Nanga inu mutsala ndi chiyani?" Ndati lichero. Ayang'anana. Ndi lakale, lobooka pakona. Akuti nditenge ngakhale bulangeti. Ndati lichero likwana.

Mlatho sitinawoloke. Ine ndibwerera pamalo panga pamphasa, ndi mlenje wanga. Mayi Njobvu apempha lichero, ndawakaniza. Aziponya poyera. Mlenje akafa, afe, mdzukulu tili naye kale.

Lichero ndalipachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Lakhala mokhota. Ndalisiya choncho.