Jekete la Achimwene Wikisoni

Lolemba

Jekete lafika. Alibweretsa achemwali Esinati m'mawa uno, lokulungidwa m'chitenje ngati khanda. Ndi lija labulauni la malemu achimwene Wikisoni, limene ankavala pa zinkhoswe zonse za pamtundu pathu. Likununkhirabe sopo wa m'sutikesi.

Nkhani yake ndi iyi. Loweruka likubwerali Alinafe, mwana wa achemwali, ali ndi chinkhoswe. Nkhoswe wamkulu akanakhala a Wikisoni, poti malume wamkulu anali iwowo. Anatisiya chaka chatha, ndiye udindo wagwera ine. Mwanayo wapempha chinthu chimodzi chokha: "Amalume, mudzavale jekete lija, kuti nawonso adzakhalepo." Ndavomera misozi ikulengeza m'maso, ndisanaliyese n'komwe.

Tsopano ndaliyesa. Manja alowa. Mapewa alowa mokakamiza. Koma batani ndi bowo lake zikungoyang'anana patali, pakati pakukwana zala ziwiri. A Wikisoni anali woonda ngati mpini wa khasu. Ine ayi.

Mayi akunyumba akuti, "Zala ziwiri si nkhani, bola mutseke pakamwa." Kunena n'kosavuta.

Malamulo a sabata ino:
- m'mawa tiyi wopanda shuga, wopandanso chomwera
- masamba owiritsa basi, osatendera
- pa Namitambo osadutsira mbali ya ziwaya
- ulendo uliwonse pa njinga yakapalasa, yamoto ayi
- kugona msanga njala isanandipeze

Ntchito ya sabata ndi kuzungulira kwa abale kukawaitanira mwambo. Foni ilipo, koma akuluakulu a kwathu sauzidwa za chinkhoswe pa foni. Nkhoswe amapita yekha, kukhala pamphasa, n'kunena ndi pakamwa pake. Zandikomera. Kupalasa konseko mimba iphwa yokha.

Madzulo mpiru wowiritsa. Ndautafuna ndikuyang'ana jekete pakhoma kuti ndilimbe mtima.

Lachiwiri

Kudzuka ndi mphamvu. Tiyi wowawa. Kupalasa mpaka ku Kadewere, kwa mayi aang'ono a Dolofe, chiperoni chikundimenya kumaso. Ndikumva ndithu mafuta akusungunuka.

Uthenga ndaunena bwino. Awomba m'manja, athokoza, afunsa za kwawo kwa mnyamatayo. Ndikuti ndidzuke nditsanzike, iwo alowa kukhitchini.

Atuluka ndi kalongonda.

Munthu wa kuno amadziwa tanthauzo lake. Nyemba zimenezi siziphikidwa mwamasewera. Zimafuna kuwira tsiku lathunthu, madzi kutaya, kuthira ena, kutayanso, apo ayi zimazunguza mutu wa munthu. "Ndayamba dzulo nditangomva kuti ukubwera," akutero. "Nkhuni zanga zonse zathera pamenepa, mwanawe."

Ukana bwanji nkhuni za munthu wokalamba?

Ndati ndingolawa. Koma abale inu. Zikuluzikulu, zofewa mpaka pakati, zonona popanda dontho la mafuta, pamwamba kamchere ndi tsabola wa kambuzi. Ndatafuna ndikuganiza za munthu woyamba amene anaona nyemba ikuledzeretsa anthu, osaitaya, n'kunena kuti tiyeni tiiphikenso. Ameneyo anali ndi chikhulupiriro choposa changa.

"Wikisoni ankati akafika pano, moni asanapereke wayamba kale kununkhiza," akutero mayi aang'ono, akundiwonjezera m'mbale osandifunsa.

Pobwerera njinga yalemera. Zina andimangira m'kapoto kuti ndikapatse mayi akunyumba. Kapoto kafika, zamkatimo zafika pang'ono.

Zala ziwiri ndi theka. Mawa ndiyambiranso.

Lachitatu

Namitambo. Zochita ziwiri: kugula thadzi wokasinthana ndi tambala wa akuchimuna, ndi kukumana ndi nkhoswe wawo, a Lusiyano, kuti tigwirizane za mwambo.

Thadzi ndamupeza, wakuda, wonenepa. Pomugwira pachidali maganizo anga apita kwina, ndawabweza.

Ndazungulira kuseri kwa zigayo kuti ndisadutse pa ziwaya. Ndikudzitamandira mumtima. Foni ikulira, a Lusiyano: "Mundipeza pabenchi, kwa mayi wa mang'ina."

Malo onse a pa Namitambo, munthu n'kusankha pamenepo!

Ndawapeza ataitanitsa kale mbale ziwiri. Ndayamba kufotokoza kuti m'mimba simuli bwino. Andiyang'ana nkhope itagwa. "Akuchikazi akukana chakudya cha akuchimuna? Tikanene zimenezi kumudzi?" Ndasamba m'manja msangamsanga. Banja la mwana lisathe chifukwa cha batani.

Mang'ina amenewa sindinawaonepo chibadwire. Ziboda za ng'ombe zawira kuyambira m'bandakucha mpaka chikopa chikuchoka pafupa ndi kungochikhudza. Msuzi wake ukumata milomo. Mayiyo sathira zambiri, anyezi, mchere, tsabola, ndi kuleza mtima. Ndamufunsa chinsinsi, wangoseka n'kutembenuza chikuni.

Za mwambo tagwirizana pakati pa fupa ndi fupa. Akuchimuna abweretsa tambala, lichero, mthiko ndi zitenje. Ife thadzi, khasu ndi nkhwangwa.

A Lusiyano akuti, "Malemu aja tinkadya nawo pabenchi pomwe pano masiku a msika. Ankayamwa fupa mpaka kuliza likhweru." Sindinkadziwa kuti ankadziwana. Ndayesa kuliza, zatheka. A Lusiyano aseka mpaka kupukuta m'maso, kenako aitanitsa tchipisi kuti msuzi usatayike.

Zala zitatu. Thadzi akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Lachinayi

Lero ndiye ulendo woopsa. Ku Nchema, kwa azakhali a Firida.

Azakhali sanapondeko kwathu kuyambira pamaliro a achimwene. Tsiku limenelo anabweretsa thobwa, mlamu wina n'kukana kumwa, akuti wakhuta. Iwo anamva kuti akuyesedwa mfiti. Ananyamula chidebe chawo n'kumapita, mpaka lero. Koma Alinafe dzina anamutcha ndi iwowo, ndipo wandiuza poyera kuti popanda agogo akewo tsiku lake silikoma.

Ndiye m'mawa ndakhala pansi n'kuganiza. Ndikakana chakudya, azakhali sabwera. Ndikadya, jekete silitseka. Zonse ziwiri wapempha ndi mwana mmodzi yemweyo.

Moni wawo wozizira. Uthenga aumva akuyang'ana kumbali. Kenako ayamba kutulutsa, chimodzichimodzi, ngati akundiyesa mayeso:
- makata, nandolo wamuwisi wowiritsa ndi makoko ake, wothyola m'mawa womwewu
- makaka ophika pamodzi ndi nandolo wouma
- chigwada chotendera
- thobwa wa mawere m'chikho, yemwe uja

Akhala moyang'anana nane, manja pamaondo, diso pakhosi panga.

Ndayambira thobwa. Ndamwa osapumira mpaka pansi pa chikho. Wozizira, wolemera, kutsekemera kwake kukubwera pambuyo ngati munthu waulemu. Mlamu uja anataya mwayi waukulu.

Makaka aja ndilibe nawo mawu. Chinangwa chouma, chinthu chimene chimagona padenga mwezi wonse n'kuda bii, chafewa n'kumwa msuzi wonse wa nandolo. Chakudya cha nthawi ya njala, koma m'manja mwa azakhali chasanduka cha paphwando. Ndadya ndikuchita mantha ndi luso la mayi ameneyu.

Nditapukuta mbale ndi chala, nkhope yawo yamasuka. "Wikisoni yekha ndiye ankandidyera chonchi," akutero. "Ukamuuze Alinafe kuti ndibwera."

Ndapambana. Koma kupalasa kwakanika. Njinga ndaisiya komweko, ndabwera pa yamoto, woyendetsa akudandaula za matayala ake.

Zala sindinayese. Mayi akunyumba ayesa okha ndi maso, n'kupita kukagona.

Lachisanu

M'mamawa kwa telala. Walitembenuza jekete, wayang'ana mkati, wapukusa mutu. "Mulibe nsalu yotsala, bambo. Batani ndilisunthira m'mphepete, kupitirira apo ndiye ndisokera m'malere." Walisuntha. Chala chimodzi chabwerera. Zatsala zambiri.

Malamulo atsopano:
- lero madzi okha

Masana kwa achemwali, kukaona ngati mipando ndi mahema zafika. Kuseri kwa nyumba amayi ali kalikiliki, mafuwa ali mbwee, utsi wa mbuzi yokazinga ukufika mpaka kumsewu. Ndaima kutali, kumphepo.

"Amalume, tabwerani mulawe mchere!"

Ndati alawe wina. Achemwali atuluka, chipande m'manja. "Ntchito imeneyi inali ya achimwene, mwaiwala? Mphika sunkaphulidwa iwo asanavomereze. Lero tifunse ndani?"

Ndalawa mbuzi. Mchere uli bwino. Ndalawa nyemba. Ndalawa mpunga wa kilombero umene fungo lake lokha likhoza kudzutsa wodwala. Mayi wina wa ku Kadewere waphika futali wa mbatata wothira nsinjiro zambiri mosaumira, akuti wa ophika okha, koma wandipatsa kuti ndiweruze. Ndaweruza kawiri, poopa kulakwitsa.

Aliyense akudikira mawu anga, chipande m'mwamba. Ndikati "zili bwino", nthungululu. Sindinadziwe kuti achimwene ankasenza ulemerero woterewu.

Alinafe wadutsa ndi ndowa pamutu. "Amalume, jekete lakonzeka?" Ndati lakonzeka. Wamwetulira mpaka ndowa kugwedera.

Ndikuopa. Sindikuopa kusekedwa, anthu akhala akundiseka za mimbayi kuyambira kale. Ndikuopa nkhope ya mwana uja mawa. Bambo ake anamusiya ali wakhanda, anamulera ndi a Wikisoni, ndipo kwa ine sanapemphepo kanthu kena.

Mayi akunyumba akuti ali ndi nzeru. Atulutsa chitenje chakale, chija cholimba.

Loweruka

Andimanga. Chitenje kuzungulira mimba mkati mwa malaya, iwo akukoka kumbuyo bondo lili pamsana panga, ine nditagwira chitseko. Mpweya kunja. Jekete. Batani.

Latseka!

Ndaima pagalasi osapuma. Ndikuoneka ngati munthu. Kupuma ndikupuma pang'onopang'ono, cha m'mwamba. Kukhala pansi n'kosatheka, ndiye kwa achemwali ndapita wapansi, wowongoka ngati mzati.

Anthu adzaza bwalo. Azakhali a Firida ali kutsogolo, chidebe cha thobwa pambali, mlamu uja akumwa chikho chachiwiri mwamantha. Mayi aang'ono a Dolofe afika. A Lusiyano andikwezera dzanja.

Atsikana ofundidwa zitenje atulutsidwa mmodzimmodzi, mnyamata akukana, anthu akuseka. Womaliza avundukulidwa, ndi Alinafe. Maso ake andifunafuna, apeza jekete. Wagwedeza mutu pang'ono. Mtima wanga wakhala pansi, ngakhale ine sindingathe.

Khasu laperekedwa. Lichero laperekedwa. Mawu anga ndanena mwachidule chifukwa cha mpweya, anthu akuti ndalankhula mwanzeru.

Kenako nkhuku. Ndapereka thadzi bwinobwino. A Lusiyano akundipatsira tambala, chitambala chofiira chamakani. Chakupiza mapiko, chapulumuka, chagwera pamapazi panga. Ndaiwala zonse. Ndawerama.

Batani lauluka n'kukagwera mu lichero la mkwatibwi. Kumsana kwamveka kung'ambika, kuyambira pakhosi mpaka pansi. Chitenje chamasuka, nsonga yake yatulukira kunsi kwa malaya. Tambala ndamugwira, koma bwalo lonse lili zii.

Alinafe sindinamuyang'ane.

Mwambo sudikira manyazi a munthu. Abweretsa nkhuku yootcha yoti ankhoswe a mbali zonse tigawane pamaso pa anthu, chizindikiro choti tagwirizana. Ndati zatha kale, chotsala n'chiyani. Ndakhala pansi koyamba lero. Ndapuma mpweya wonse. Ndagwira ntchafu.

Nkhuku yachikuda, yootchedwa pamakala mosafulumira, khungu lofiirira, mchere wolowa mpaka pafupa. Pakati pa manyazi onsewo, ndatseka maso. Sindikudziwa kuti ndinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndangomva fupa likulira likhweru.

Potsegula maso, achemwali akulira. Azakhali aphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndawachititsa manyazi pamaso pa akuchimuna.

Magule atayamba ndazemba, jekete m'khwapa.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki wa kudziletsa. Sindinakweze mutu.

Jekete lili pampando, lagawika pawiri. Mayi akunyumba akuti kumsana asoka, koma kutseka ndiye tiiwale. Ndavomera. Malamulo aja ndayatsira mbaula.

Masana odi pakhomo. Alinafe, atanyamula kambale kovundikira. Wagwada, wapereka moni. Ndayamba kupepesa. Watambasula dzanja, m'chikhatho muli batani.

"Ili ndisunga ine," akutero. "Amalume, m'mawa muja nditakuonani ndinangoona jekete. Munali ngati mlendo. Koma mutagwira ntchafu ija ndi manja awiri, maso otseka, fupa n'kulira, tonse tinawaona malemu aja. Amayi sanagone, akungonena zomwezo."

Wapita. Ndakhala pakhonde nthawi yaitali. Kalongonda wa mayi aang'ono, mang'ina a a Lusiyano, makaka a azakhali, chipande cha achemwali. Sabata yonse ndimati anthu akundiwonongera dongosolo. Anthuwo amaphikira m'bale wawo, ndipo pakamwa pamene panatsala ndi panga. Ndawasowa achimwene lero kuposa tsiku la maliro.

Mimba ikhala mmene ililimu. Jekete ndizivala lotsegula.

Ndavundukula kambale kaja. Muli nthutumba ya tambala wa dzulo, imene pamtundu pathu amadya malume wamkulu yekha. Ndayang'ana uku ndi uku kuti ndiwapatse.

Kenako ndapempha madzi osamba m'manja.