Nsinjiro za M'mbale Yopempherera

Mpaka lero ndikamva fungo la nsinjiro, manyazi amandigwira.

Nditangofika ku Nairobi, a Pema, mayi wa ku Nepal amene tinkagwira ntchito limodzi, anandisunga kwawo ku Ruaka pomwe ndinkafunafuna nyumba. Kwina kopita ndinalibe, ndiye ndinkachita kuyenda monyang'ama kuti ndisawakhumudwitse.

Loweruka lina atapita kumsika, ndinati ndiwaonetse kuti kwathu anandilera bwino. Ndiwaphikire ndiwo zamasamba a sukuma zotendera! Mtedza ndinabwera nawo kuchokera kumudzi, vuto linali mtondo. Ndikuzungulira m'nyumbamo ndinaona kambale kamkuwa pashelefu ya pabalaza, pansi pa chithunzi cha Buddha chojambulidwa pansalu, kamunsi kake kali pambali. (Inde, makandulo ndinawaona. Mutu wangawu unangoti akunjawa amasunga mtondo pabalaza.)

Ndinakhala pansi, kambale pakati pa miyendo, n'kuyamba kusinja. Kankalira ngati belu la kutchalitchi, ine n'kumayimbira limodzi.

Chitseko chinatseguka. A Pema anangoti kakasi, jumbo ili m'manja.

"Mukutani?"

"Ndikusinja, amayi."

"Imeneyo ndi mbale yomwe ndimaliza ndikamayamba kusinkhasinkha m'mapemphero. Anandisiyira malemu mayi anga."

Mayo ine! Ndinagwada pomwepo, m'maganizo ndikulongedza kale chikwama. Anakhuthula nsinjiro zija n'kuigogoda mbaleyo. Inangoti phu, mtedza utakakamira mkati monse. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ine mtima unandiwawa koopsa.

Tinaitsuka awiriwiri. Ataipukuta anandiuza kuti ndikhale pansi, nditseke maso. Anayamba kuzunguliza kamtengo kaja m'mphepete mwa mbale, ndipo inayamba kung'ung'udza pang'onopang'ono mpaka kumveka nyumba yonse. Ine kusinkhasinkha kwanga kunali kumodzi basi: lero ndikagona kuti?

Nditatsegula maso ndinapeza akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Mayi anga akanakhalapo akanakukhomani ndi kamtengo komweka," anatero. "Kenako akanafunsa kuti ndiwozo zipsa nthawi yanji. Pitani mukaphike."

Anadya, n'kuwonjezeranso. Ndinakhala nawo mpaka nyumba inapezeka, ndipo tsiku losamuka anandipatsa mtondo weniweni wamtengo, amvekere, "Inu muzisinjira umu."

Ndimasinjiramo ndithu, ndipo ndinaphunzira kufunsa ndisanagwire za eni. Koma ndisaname, abale, wamtengowu sulira bwino ngati uja.