Mabwana Awiri, Nthutumba Imodzi

Mpaka lero mkazi wanga akandifunsa kuti tsiku lija ndinkaganiza chiyani, ndimangoyang'ana pansi. Anthu amachotsedwa ntchito chifukwa cha kuba, kuledzera kapena kujomba, ndipo abale awo amamvetsa. Ine chimene chinandichotsa ndimachita nacho manyazi ngakhale kuchitchula, koma poti nkhaniyi yafala kale kuyambira ku Chongwe mpaka ku Mpanshya, bola muimvere kwa mwiniwakene.

Ndinkagwira ntchito ku Lusaka, pa kampani ina yaikulu imene imalandira malole ndi maminibasi m'zidutswazidutswa n'kumazilumikiza. Ine ndinali wa m'sitolo, wopereka mabawuti ndi masipanala kwa amakanika. Kale pankakoma pamenepo. Koma bwana wamkulu atapuma, mpando wake unatsala wopanda munthu, ndipo anthu awiri anayamba kuulimbirana: Ba Chanda, oyang'anira kumene timalumikizira magalimoto, ndi Ba Zulu, oyang'anira maofesi. Kuyambira pamenepo kampani inang'ambika pakati. Ovataimu inatha, shuga wa tiyi anatha, kenako tiyi weniweniyo anatsatira. Amakanika amene ankaimba nyimbo pomanga injini anayamba kugwira ntchito ngati ali pamaliro a munthu wosamudziwa. Ukapereka moni kwa wa mbali ina, pofika masana nkhani yafika kale kwa bwana wako. Pamwamba pa zonsezi panamveka mphekesera yoti ena achotsedwa, ndipo aliyense anadziwa kuti bwana aliyense adzateteza anthu ake.

Ine ndinadziona wochenjera (mulole ndiseke ndekha pamenepa). Ba Chanda akandifunsa kuti, “Mwaiche, mnyamata iwe, uli wa ndani?” ndinkati, “Ba bosi, ine nili wanu, mufunsanso?” Ba Zulu akandiitana n'kunena kuti, “Mphwanga, ise a kum'mawa tizigwirizana,” ndinkati, “Nanga ningapite kuti, akulu?” Ndinali ndi ana atatu pasukulu ndi nyumba ya lendi, choncho ndinkati ndikagwira nthambi ziwiri sindingagwe.

Zinthu zitafika poipa, akuluakulu a kampani anaganiza zotitengera kokasangalala tsiku limodzi, ati kuti mitima itsike. Pamsonkhano atafunsa kopita, aliyense anangoti zii, kuopa kutchula malo amene bwana winayo sangawakonde. Ndani anakweza mkono? Ine. Ndinati tipite ku Chinyunyu, kwathu, kumene madzi amatuluka pansi akuwira. Onse anavomera, ndipo kwa nthawi yoyamba mabwana awiri aja anandiyang'ana pamodzi. Ndikanazindikira pomwepo kuti si zabwino.

M'malo mwake ndinawonjezera. Ndinapita kwa Ba Chanda mwakachetechete n'kuwauza kuti amayi anga akufuna kuwaphera nkhuku masana, iwo okha, monga mutu weniweni wa kampani. Ndinapitanso kwa Ba Zulu ndi mawu omwewo, koma iwo ndinawauza kuti chakumadzulo. Ndinatumiza uthenga kumudzi kuti amayi akonze nkhuku ziwiri, alendo abwera mosiyana nthawi. Musandifunse kuti ndinagona bwanji sabata imeneyo, ndinagona tulo tabwino kwambiri, tulo ta chitsiru.

Tsikulo tinanyamuka pa maminibasi awiri, a Ba Chanda yawo, a Ba Zulu yawo, mabwanawo aliyense pa galimoto yake. Kumadzi kuja chisangalalo sichinaoneke. Gulu lina linakhala uku, lina uko, nthunzi ikufuka pakati. Ngakhale mazira amene anthu amaviika m'madzimo kuti apse, anawamanga m'mapepala osiyana, ndipo wina ankalondera kuti asasakanikirane. Tinauzidwa kuti tiimbe nyimbo, inafera pa mzere woyamba.

Dzuwa litafika pamutu ndinakodola Ba Chanda, tinazemba. Tikulowa m'kamsewu kopita kwathu, ndinaona fumbi kumbuyo. Ba Zulu anali atationa tikunyamuka, ndipo pa kampani yathu bwana akaona mnzake akuchoka mwakachetechete sakhala pansi. Magalimoto awiri anaima pakhomo pa amayi nthawi imodzi.

“Ba Chanda, nanunso muli kuno?”

“Naitanidwa. Kaya imwe.”

“Inenso naitanidwa.”

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinaseka kaseko kopanda mano, n'kunena kuti amayi anafuna kuona akuluakulu onse awiri. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba. Nkhuku yachiwiri ndinaipeza ili moyo, yomangidwa mwendo pansi pa mtengo wa mango, ikujompha zake mosatekeseka.

“Amama, mwapha imodzi chabe?”

“Nanga si unati winayo ndi wamadzulo? Ndiphe nkhuku m'mawa kuti mlendo adzadye zozizira? Usade nkhawa, ndi yaikulu, ikwana.”

Kukwana inkakwana. Vuto linali lina, ndipo aliyense wokulira kumudzi walidziwa kale. Nkhuku ili ndi miyendo iwiri, mapiko awiri, koma nthutumba ili nayo imodzi, ndipo nthutumba amadya ndi wamkulu pa onse amene akhala pa mbaleyo. Ba Zulu ndi a kum'mawa, amazidziwa. Ba Chanda kwawo n'kumpoto, ndipo kumeneko mwambowu ndiye amaugwira ndi manja awiri.

Ndinayamba kulimbana ndi zimene ndikanatha. M'nyumba munali mpando umodzi wa khushoni, wa malemu bambo anga. Ndinaukokera kuchipinda n'kunama kuti uli ndi nsikidzi (bambo, mundikhululukire kumene muliko), onse ndinawakhazika pa timipando tofanana. Madzi osamba m'manja ndinabweretsa mabeseni awiri, limodzi dzanja ili, lina dzanja ili, kuti pasakhale woyamba. Theka la madziwo linathera pa thalauza langa. Ndinkafuna kubwerera kukhitchini kuti ndikaibise nthutumbayo, koma ndinakumana ndi amayi pakhomo atanyamula kale mbale. Anagwada, anaika pa tebulo, anavundukula. Inali pamwamba penipeni, yonyezimira mafuta, ataiika bwinobwino kuti mlendo aone kuti nkhukuyi yaphedwera iye.

“Nthutumba ndi imeneyo, ya akuluakulu,” anatero amayi, n'kutuluka.

Ndinati tipemphere, ndipo ndinapemphera ndine. Sindinapempherepo pemphero lalitali chotero. Ndinapempherera chakudya, kampani, mvula, odwala a ku Mpanshya, madalaivala a pamsewu waukulu, ndikuyembekeza kuti mwina galu alowa kapena denga ligwa. Nditatsegula diso limodzi ndinapeza mabwana onse awiri maso ali gwa, akuyang'ana m'mbale.

Nditati ameni, dzanja la Ba Chanda linanyamuka. La Ba Zulu nalonso linanyamuka. Onse ankapita malo amodzi, pang'onopang'ono, wina akuyang'ana mnzake. M'mutu mwanga munadutsa zambiri. Akatenga Ba Chanda, Ba Zulu adzati ndinawaitanira kudzawanyoza pamaso pa mdani wawo. Akatenga Ba Zulu, chimodzimodzi. Ndinaona ana anga atabwezedwa kusukulu, ndinaona katundu wathu ali panja. Ndiye ndinaganiza kuti nthutumbayo ikangosowa, mlandu watha.

Dzanja langa linadutsa pakati pa manja awo ngati mphamba. Ndisanadziwe chimene ndachita, inali m'kamwa mwanga.

Abale anga, nkhuku yakumudzi nthutumba yake si yomeza msanga. Inali yotentha, yolimba ngati chidutswa cha tayala. Ndinatafuna, ndinatafuna, misozi ikutsika, mabwana awiri manja ali m'malere akundiyang'ana. Sindinkatha kulavula, sindinkatha kumeza, sindinkathanso kupepesa poti m'kamwa munali modzaza. Pamene inkatsika kukhosi m'pamene ndinazindikira zimene ndalengeza: kuti pa anthu atatu amene tinali pamenepo, wamkulu ndine.

Mwina zikanathera pomwepo, ndikanati ndi njala kapena misala. Koma amayi anali pakhomo ndi jagi ya madzi akumwa, ndipo anaona zonse. Analuluta. (Apa ndiyenera kuvomera kuti ndikabwera kumudzi pa Khirisimasi, ntchito yanga ndinkaikuzako pang'ono pofotokoza. Ndani sachita?)

“Ndinkayesa umanama, mwana wanga! Ndiye awa ndi anthu ako aja umati amangokhalira kukangana ngati ana?” Anatembenukira kwa mabwana. “Inu azibambo, muzimumvera mwana wangayu. Ndi wofatsa, koma mwamuonetsa mavuto. Akabwera kuno amadandaula kuti wina ndi waulesi, wina ndi wamiseche. Kaya waulesiyo ndi uti pa awirinu?”

Ba Zulu anapukuta manja amene sanagwire n'chakudya chomwe. Ba Chanda anaimirira, n'kuthokoza amayi mwaulemu kwambiri, mpaka kuwomba m'manja. Kenako ndinamva mawu amene pa kampani yathu anali asanamveke chichokereni bwana wamkulu.

“Ba Zulu, tiyeni tikwere motoka imodzi. Tili na zokamba.”

“Zoona, Ba Chanda. Yanga izabwera na dalaiva.”

Ine anandisiya pakhomo, mafuta ali pamilomo. Kumadzi kuja ndinabwerera wapansi, ndipo ndinapeza nkhani yafika kale. Magulu awiri aja anali atasakanikirana, akuseka mpaka kugwirana mapewa. Wina anandigwadira n'kunena kuti, “Ba bosi, mwadya bwanji?” Tsiku lonse limene kampani inalipirira kuti anthu asangalale, chisangalalo chake chinali chimenechi.

Kuchotsa anthu kutayamba, mabwana aja anakangana pa dzina lililonse, uyu akuteteza wake, uyo akuteteza wake. Anzanga amati dzina langa lokha ndi limene linadutsa popanda wotsutsa. Ndinapita kukapepesa kwa Ba Chanda, anati ndikaonane ndi Ba Zulu. Kwa Ba Zulu anati, “Ise ndise ana, tingakuthandizeni chani imwe akuluakulu?”

Pano ndili konkuno ku Chinyunyu, ndimamata matayala m'mbali mwa msewu. Nyumba ya ku Lusaka tinaisiya, ana ndinawasamutsira sukulu ya kuno, ndipo wamkuluyo sanandikhululukirebe. Ndimamva kuti ku kampani mgwirizano uja sunathe mwezi, anayambiranso kukokana, ndipo amakanika abwino akuchoka mmodzimmodzi. Sizinditonthoza. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinkayesa amanena anthu opusa. Ndikanangoitola nthutumba ija n'kuika pa mbale ya mmodzi, aliyense mwa awiriwo, lero ndikanakhala ndi mdani mmodzi ndi ntchito.

Amayi okha ndi amene sakudandaula. Amauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo anatopa n'kulamulira anthu osamva, anabwera kudzapuma. Ndayesa kangapo kuti ndiwauze zoona, koma ndikaona mmene nkhope yawo imawalira pofotokoza, ndimangotenga pampu yanga n'kubwerera kumsewu.