Mmene Ndinasudzulira Akazi a Eni

Pali anthu amene amathetsa mabanja a anzawo ndi miseche. Ine ndinathetsa awiri tsiku limodzi ndi liwu limodzi la Chingerezi, ndipo ndinalimasulira mosadodoma, chifuwa chili patsogolo.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wachinyamata ku Namwera, wochokera ku Ntcheu, ndipo dera lonselo linkadziwa kuti Chizungu kwawo ndi kwa ine. Makalata ochokera ku Joni ndinkawerenga ndine. A tcheyamani a chipani akafuna mawu olandirira alendo a ku boma, ankandiitana ine. (Dikishonale ndinali nayo ndithu, koma ntchito yake inali kuchirikiza mwendo wa tebulo.)

Lachiwiri lina dzino linandivuta, ndiye ndinapita kuchipatala china cha mishoni. Pabenchi ndinapeza Che Saidi, mlimi wa fodya amene ana ake atatu ndinkawaphunzitsa. Anali ataonda kwambiri, akutsokomolera m'kansalu kamene ankakabisa msanga m'thumba. Tsikulo womasulira wa adokotala anali atapita kumaliro, anamwino ali kwa amayi oyembekezera. Adokotala, mzungu wokalamba wokonda mawu akuluakulu, anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati panali wodziwa Chingerezi. Ndinaimirira asanamalize funso. Wodwala woti ndimumasulire anali Che Saidi omwe aja.

Poyamba zinayenda bwino zedi. Ndinawauza Che Saidi kuti makhololo awo aonetsa chifuwa chachikulu, kuti mankhwala alipo, ndipo adzachira akamalondola jakisoni. Adokotala anafunsa ngati a kunyumba akudziwa. Che Saidi anavomera kuti akhala akubisa kwa miyezi, akumanamizira fumbi la fodya. Adokotala anapukusa mutu.

"He must divulge it to his wife."

Liwu lakuti divulge ndinali ndisanakumanepo nalo chibadwire. Koma divorce ndinkalidziwa bwino, ndipo m'khutu mwanga awiriwa anali munthu mmodzi. Timawu tina tapakatipo ndinatitaya, poganiza kuti azungu amangotiika pofuna kudzazitsa.

"Adokotala akuti mayi a kunyumba muwasudzule," ndinatero.

Che Saidi anafunsa motsitsa mawu kuti mayi ake ati, poti analipo awiri: Abiti Juma aakulu, ndi Abiti Ali aang'ono, aliyense kumudzi kwawo. Ndinawauza adokotala kuti akazi alipo awiri.

"Both. Today."

"Onse awiri. Lero lomwe."

Ndinawonjezeranso nzeru zanga zimene adokotala sanandipemphe, kuti matendawa ndi opatsirana, choncho kusiyana ndi njira yosonyezera chikondi. Misozi inalengeza m'maso mwa bambo uja. Adokotala anawasisita paphewa n'kuwayamika kuti ndi olimba mtima, ine n'kumasuliranso zimenezo mokoma. Masiku amenewo wamkulu akalamula, munthu sankafunsa chifukwa. Dzino langa analizula, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati theka la dokotala.

Madzulo omwewo Che Saidi anapita kwa Abiti Juma n'kunena mawu osudzula pamaso pa ankhoswe, anapalasa njinga kupita kwa Abiti Ali n'kuchita chimodzimodzi, kenaka anamanga mkeka wawo n'kukagona kwa mlongo wawo.

Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti, aphunzitsi aakulu ananditumizira uthenga kuti ndisiye kalasi. Pansi pa mtengo wa mango panali ankhoswe a mbali zonse, Che Saidi, akazi awiri aja atakhala motalikirana, ndi ashehe ali ndi kapepala m'manja. Ashehewo anali atapita okha kuchipatala kukafunsa kuti ndi matenda anji amene mankhwala ake ndi kutha kwa ukwati. Adokotala akuti anagwira kumutu, n'kuwalembera liwu lija m'zilembo zazikulu.

Aphunzitsi aakulu anandituma kukatenga dikishonale. (Tebulo linapendekeka, inki n'kutayikira pa sikimu yanga ya maphunziro a sabata yonse.) Ndinayesa kufotokoza kuti mawu awiriwa ndi apachibale, poti onse amayamba mofanana.

"Aphunzitsi, ingowerengani," anatero ashehe.

Ndinawerenga mokweza. Divulge ndi kuulula chimene unabisa, kuuza wina chinsinsi. Adokotala ankangofuna kuti amayiwo adziwe, abwere adzayezedwe iwo ndi ana. Ndinamasulira m'Chichewa, mmodzi wa ankhoswe n'kubwereza m'Chiyao kuti ngakhale agogo anali kumbuyo amve bwino mmene ndalakwira.

Ashehe anagamula kuti mawu onenedwa chifukwa chosokeretsedwa angathe kubwezedwa. Abiti Ali anavomera pomwepo. Koma Abiti Juma anakonza mpango wawo, osandiyang'ana n'komwe, n'kutembenukira kwa amuna awo.

"Aphunzitsiwa analakwitsa liwu limodzi. Koma inu, Che Saidi, munandibisira matenda miyezi yonseyi, ndipo atakuuzani kuti mundisiye simunafunse ngakhale kamodzi kuti bwanji."

Pamenepo dikishonale inalibe chothandiza. Che Saidi sanalowe m'nyumba ya Abiti Juma mpaka fodya atamangidwa m'mabelo. Komabe tsiku lililonse la jakisoni mayiwo ankawaperekeza, iwo patsogolo, bambo pambuyo, osalankhulana njira yonse. Mwana mmodzi anapezeka nacho chifuwacho chikungoyamba, ndipo anachira pamodzi ndi bambo ake.

Ine ndinagula tambala wamkulu n'kupita kukapepesa. Abiti Juma anamulandira, anamuyeza kulemera kwake m'manja, kenaka anandifunsa ngati ndili pabanja. Ndinati ayi, ndikadayang'anayang'ana.

"Mukadzampeza," anatero, "mudzamufunsire m'Chichewa."

Ndinamvera, ndipo tidakali limodzi.