Ndinalowa mu Yerusalemu Ndikuperekeza Asewele

Ine ndinkafuna kulowa mu Yerusalemu nditavala yunifolomu ya amayi a kumpingo yosita bwino, kanjedza ali m'manja, nyimbo ili pakamwa. Kulowa ndinalowadi, ndipo ndithokoza Mulungu. Koma za yunifolomu, za kanjedza, makamaka za chimene chinali pakamwa panga nthawi imeneyo, khalani pansi kaye.

Nkhani inayamba ndi mwana wanga Edina, amene anakwatiwa ku Limbe. Pobereka mwana wake woyamba zinthu zinavuta, mpaka anathamangira naye ku fiyeta kukamuchita opaleshoni. Ine ndi asewele anga, amayi ake a mkamwini wathu, tinatsala panja titakhala pachitenje chimodzi, aliyense akupemphera monga amachitira kumpingo kwake (iwo ndi a Sabata, ine ndine wa Lamulungu, koma tsiku limenelo palibe anafunsa mnzake za masiku). Pamenepo ndinawinda. Ndinati, "Ambuye, mukanditulutsira awiriwa ali moyo, ndidzayenda wapansi kudzakuthokozani kwanu ku Yerusalemu." Za kutalika kwa njira sindinaganize. Nthawi ngati imeneyo munthu sufunsa mapu.

Anatuluka onse awiri, Edina ndi kamtsikana kolira ngati sayilini ya kufakitale. Tinakatcha Mayamiko.

Patapita miyezi, Edina atabwera kudzationetsa mwana kuno kumalayini a esiteti ya tiyi, ndinamuululira za chowinda changa, kuti chikundilemera. Ine wotchola tiyi, amene ngakhale ku Lilongwe sindinapondeko, ku Yerusalemu ndikafika bwanji? Anaseka mpaka mwana anasiya bere.

"Amayi, pali apu ya zimenezo."

"Apu ya kumwamba?"

"Ya kuyenda. Bweretsani foni ija ndinakupatsani."

Anadinadina, kenako anandionetsa mapu a dziko la m'Baibulo, ndi kamunthu kakang'ono kataima pa Nazarete, kandodo kali m'manja. Anati kamunthuko ndine. Ndikamayenda kuno foni ili pathupi panga, nako kaziyenda kumeneko. Ndikafika pamalo otchuka, belu lizilira, chithunzi cha malowo chizituluka pamodzi ndi vesi. Ndinakayang'anitsitsa kamunthuko. Kanali kowonda kuposa ine, koma ndinakalandira.

Tsiku loyamba ndinanyamuka ndi pemphero, foni ndaipisa pachifuwa, dengu kumsana. Ndinatchola tiyi tsiku lonse mpaka mapewa kuwawa. Madzulo potsegula foni, kamunthu kaja kanali kasanadutse n'komwe nyumba zomaliza za Nazarete. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ntchito yathuyi ndi ya manja, miyendo imangosuntha pang'onopang'ono ngati ya bilimankhwe. (Akanapanga apu yowerenga manja, bwenzi nditazungulira dziko lonse kalekale.)

Ndiye ndinasintha mayendedwe. Mjigo wa pafupi ndinausiya, n'kumakatunga wa kutsidya. Kuchigayo ndinkadzera njira ya kudamu. Bambo a Edina akaiwala botolo lawo la tiyi popita kuntchito, m'malo mowakalipira ndinkathokoza, n'kuwatsatira nalo. Anayamba kuiwala dala, ndinawaona.

Posakhalitsa esiteti yonse inadziwa. Pasikelo akapitawo asanayang'ane n'komwe dengu langa ankayamba ndi funso.

"Lero mwagona kuti, mayi?"

"Ku Kana."

"Vinyo watsalako?"

"Mwachedwa akapitawo, watha."

Pamene belu linalira kuti ndafika pa Yorodano, ndinali pakamlatho ka mtsinje wathu, ndowa ili pamutu. Ndinaitula, n'kusamba kumaso ndi madzi omwewo, misozi ikutsika. Musaseke, kwa ine inali Yorodano. Ku Yeriko ndinadutsa mvula ikugwa. Njira yonseyo ndinkapempherera Edina, Mayamiko, ndi aliyense wondituma, poti amayi a kumpingo kwathu anayamba kundipatsira mapemphero awo ngati munthu wopita kutauni amene amamutuma sopo.

Amayi omwewo ndi amene anabweretsa nzeru. Atamva kuti ndayandikira, amayi a tcheya anati munthu salowa yekha mumzinda woyera ngati wakuba. Tinapangana kuti ndikafika ku Betaniya ndiime. Kamtunda kotsalako tidzayende tonse pa Lamulungu la Kanjedza tikatuluka m'tchalitchi, ine patsogolo, iwo pambuyo, tikuimba. Amake Tadala, amene amayambitsa nyimbo pagulu lathu, anati nyimbo yolowera asankha okha.

Ndinafika ku Betaniya kutatsala masiku ochepa. Foni ndinaikulunga m'chitenje, n'kuigoneka pansi pa sutikesi. Edina akaimba foni, ndinkaitulutsa n'kuyankha nditaima chilili ngati mtengo wa bulugama, osasuntha ngakhale chala cha kuphazi. Zonse ndinazisamala. Chimene sindinachiganizire ndi mlendo.

Lachinayi masana, nditangoweruka, ndinamva odi. Asewele, kuchokera ku Masambanjati, mkoko wa nthochi uli pamutu. Tinalonjerana mu Chilomwe monga mwa nthawi zonse, ndinawathirira thobwa (anthu a Sabata samwa tiyi, ngakhale awa amene anakulira pakati pa tiyi, ndipo ine ndinasiya kuwanyengerera), kenako anafunsa za mdzukulu wathu. Foni yawo ndi ija ya mabatani, yosaonetsa zithunzi. Ndikanawamana bwanji? Ndinatsegula sutikesi, tinakhala pamkeka, n'kumaona Mayamiko akuseka ndi nkhama zokhazokha. Tinakangana pang'ono za mphuno, iwo akuti ndi ya kwawo, ine ndikuti mphuno yabwino chonchi kwawo ndinaiona kwa ndani.

Dzuwa litapendeka anati, "Asewele, ine ndizipita."

Ndinadzuka, ndinamanga chitenje, ndipo dzanja langa, popanda kundifunsa, linatenga foni ija n'kuipisa pachifuwa pamene inazolowera.

Tsono inu mukudziwa kuti kuperekeza kuli ndi miyezo yake. Woyandikana naye nyumba umamusiya pamtengo wa mapeyala. Mnzako wa kumpingo umamufikitsa pamjigo. Koma asewele, munthu amene munagawana naye chitenje panja pa fiyeta, sungamusiye pamjigo ngati wogulitsa makala. Ameneyo ndi wa kumsewu waukulu, kudutsa minda yonse ya tiyi, kudutsa pageti pa alonda.

Kunja kunali bwino, tiyi atabiriwira mbali zonse, kamphepo kakuomba. Tinayamba ndi nkhani za nthochi. Tinalowa za mitengo ya feteleza. Titadutsa pageti, asewele anafunsa za mwambo wa Lamulungu, kuti nyimbo adzayambitsa ndani. Ndinati amake Tadala. Ndikanalekera pomwepo.

"Kodi si aja anaimba pachinkhoswe?" anatero asewele.

"Omwewo."

"Aja anatisiya tonse panjira?"

Apa ndiye chitseko chinatseguka. Amake Tadala ndi munthu wabwino, Mulungu ndi mboni, maliro aliwonse amafika woyamba. Koma nyimbo amaiyambira kudenga. Vesi loyamba tonse timayesetsa, lachiwiri azimayi achikulire amayamba kufunafuna mipango, lachitatu amatsala okha, nawonso akutsokomola. Ndinali ndi zitsanzo zambiri, ndipo tinafika kumsewu nditangotchula ziwiri.

"Iyayi," anatero asewele, "simungabwerere nokha mtunda wonsewu. Ndikubwezeniko pang'ono."

Anandibweza mpaka pageti. Pageti ndinaona kuti si ulemu mlendo kubwerera yekha kumsewu, ndiye ndinawaperekezanso. Kumsewu minibasi inaima, kondakitala anaitana, asewele anati yadzaza kwambiri (munali anthu atatu). Anandibwezanso. Titafika pageti kachitatu, alonda anatulutsa mutu m'kanyumba kawo.

"Amayi, kodi boma lakutumani kuyeza msewu?"

Tinawaseka, n'kupitiriza. Tinali pafupi ndi shedi yoyezera tiyi, cha kuseri kumene kuli chimbudzi cha antchito, pamene ndinaganiza zoti kufotokoza kokha sikukwanira, ndiwaonetse. Ndinaima, ndinatambasula khosi ngati tambala, ndinatseka diso limodzi monga amachitira mwiniwake, n'kuyamba kukwera ndi mawu. Asewele anagwira m'mimba ndi chiseko. Ndinakwerabe. Ndipo ndili pamwamba penipeni, pachifuwa panga panalira malipenga.

Osati kabelu kaja ka masiku onse. Malipenga, ng'oma, anthu ambirimbiri akuimba, ndi mayi wina akuyankhula Chingerezi mosangalala. Pa zonse ananenazo ndinamvapo liwu limodzi, ndipo linandikwanira.

Ndinatulutsa foni. Chipata chachikulu chamiyala, chotseguka. Kamunthu kanga kali mkati, kakweza kandodo m'mwamba.

"Ndi Edina?" anafunsa asewele.

"Ndi Yerusalemu."

Tinayang'anana. Tinayang'ana chimbudzi. Ndinadziyang'ana ndekha: chitenje cha kumunda, patapata woduka womanga ndi waya, ndi miseche isanaume pakamwa. Miyezi yonse ija ya mjigo wa kutsidya, mapemphero onse a anthu amene ndinanyamula, ndadzawatula pachipata ndikuyerekeza mnzanga.

"Bwererani chambuyo," anatero asewele. "Mwina katuluka."

Ndikuuzeni zoona, ndinayesa. Mayi wamkulu ngati ine, ndinayenda chafutambuyo m'njira ya thirakitala, foni ndaigwira kutsogolo, asewele akundiwongolera. "Kumanzere. Kuli dzenje. Pitirizani." Alonda aja anatuluka m'kanyumba kuti aone bwino. Titayang'ana, kamunthu kaja sikanatuluke. Kanali katalowa mkati kwambiri, kakuzungulira m'misika.

Ndinamuimbira Edina. Anaseka mpaka foni anapatsira mwamuna wake, nayenso anaseka mwaulemu, n'kunena kuti, "Amayi, foni sidziwa kutsogolo ndi kumbuyo. Mwafika basi. Zikomo kwambiri potiyendera."

Mawu amenewo anandikhazika pansi, pamzere wa tiyi. Ndinayamba kulira, theka manyazi, theka sindikudziwa. Asewele anayala chitenje chawo, n'kukhala pambali panga.

"Asewele, tsiku lija munkawinda, pambali panu panali amayi a tcheya?"

"Ayi."

"Panali kanjedza?"

"Munali inu."

"Ndiye mwalowa ndi amene munanyamuka naye. Gwadani tithokoze, dzuwa likulowa."

Tinagwada pomwepo, pachitenje chimodzi, aliyense m'njira ya kumpingo kwake. Thirakitala yonyamula tiyi inatipeza tili chigwadire, ndipo dalaivala anazimitsa injini mpaka titanena ameni. Podzuka asewele anakutumula chitenje n'kuwonjezera kuti, "Koma za amake Tadala mukapepese nokha. Ine ndimangomvera."

Lamulungu asewele anabweranso, ati sangandisiye ndekha pamlandu. Titatuluka m'tchalitchi amayi anasonkhana ndi kanjedza wawo, ndipo ndinawauza kuti ndinafika kale Lachinayi, chifukwa choperekeza. Kunabuka chiseko. Palibe anadabwa. Wina anati iye anaperekezapo mlamu wake mpaka anakagona komweko. Amayi a tcheya anagamula kuti ngati munthu wafika kale, ndiye mwambo usanduke wolandira mlendo. Koma anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Nanga polowa pachipata, munali pa pemphero lanji?"

Ndinayang'ana asewele. Asewele anayankha nkhope ili phee: "Tinali pa nkhani ya nyimbo za kumpingo kwanu kuno."

Amake Tadala anagwira pamtima. Anabwera n'kundikumbatira, akuti sankadziwa kuti nyimbo ndimazikonda chonchi. Ndinawanong'oneza kuti ndili nawo mawu pambuyo pake, ndipo mawuwo ndinakawauzadi kunyumba kwawo, onse, ndi za khosi zomwe. Anandiuza kuti ndiwaonetse. Nditawaonetsa anati diso ndinatseka lolakwika. Koma zimenezo ndi za madzulo ake. Pabwalo paja anati, "Lero muimire pafupi ndi ine."

Anaiyambira kudenga, monga mwa masiku onse. Ine ndinati Ambuye, chilango changa ndi chimenechi, ndachilandira. Vesi loyamba ndinali nawo. Lachiwiri amayi achikulire anayamba kufuna mipango, ine ndili nawo. Lachitatu tinatsala awiri, tikuzungulira tchalitchi, kanjedza m'mwamba, yunifolomu yosita bwino, ndipo ndinakwera nawo mpaka pamwamba pomwe sipafika munthu. Sindinasangalalepo chonchija chibadwire.

Mawu anandithera sabata yonse. Ndinkangoloza ndi chala. Bambo a Edina ankamwa tiyi wawo mwamtendere, n'kumauza aliyense wodutsa kuti ulendo wa ku Yerusalemu ndi wabwino, mayi aliyense apiteko.

Pano Edina anandiikira njira ina, yotsata maulendo a mtumwi Paulo, akuti ndi yaitali moti Mayamiko adzayamba sukulu ndisanafike. Kuperekeza sindinasiye, si ine ndinayambitsa. Chimene ndinaphunzira n'chakuti tikadutsa pageti pa alonda, ndimayamba ndasuzumira pachifuwa kuona pamene kamunthu kafika. Kakakhala pafupi ndi malo oyera, timakamba za nthochi. Kakakhala pakati pa chipululu, ndimabweza foni, n'kuwayandikira asewele.