Mwendo wa Mpando ndi Njinga ya Alamu

Lolemba, 4 Ogasiti 1952

Kusiteshoni ya sitima ku Salima, kukakonza chitseko cha ofesi. Mkatimo muli mpando wodabwitsa. Miyendo yake yobulungira ngati nzimbe, ili ndi mfundo zofanana ndendende, inayi yonse. Ndikugwada, ndikusisita, ndikufunafuna pamene padadutsa mpeni. Palibe! Ine kalipentala wa kwa Maganga konse, miyendo yanga imatuluka ya ngodya zinayi basi. Kalaliki akundipeza ndili pansi pa mpando: “Bambo, chitseko chili uku.” Njira yonse yobwerera mutu uli pa mwendo uja. Adausema bwanji?

Lachiwiri

Ndikufunsa alamu anga a Saidi, ogulitsa usipa, amene adagwirako ntchito ku Joni. Akuti kumeneko kuli makina ake: mtengo ndiwo umazungulira, tchizulo imangoima. Akuti ngakhale chitsulo amachisenda chomwecho, chimatuluka makoko ngati mbatata. Chitsulo! Dzina la makinawo adaliiwala, koma kulira kwake akukumbuka, andilirira kawiri.

Ndiye chofunika n'choti mtengo uzungulire. Zofunika:
njinga ya a Saidi, yogadamitsa
chingwe cha khoka
misomali iwiri ikuluikulu
mlombwa wowongoka
munthu wopukusa pedulo

Njinga abwereketsa. “Koma Loweruka ndikupita nayo kumsika, alamu.” Loweruka n'kutali.

Lachitatu

Tayala lakumbuyo ndavula. Chingwe chikuchoka pagudumu kukakulunga mtengo, mtengo uli pakati pa misomali. A Saidi akupukusa. Ukuzungulira! Ukuzunguliradi! Ndikuyandikiza tchizulo pang'onopang'ono. Phaa! Mlombwa uli padenga la nkhokwe, nkhuku zili kwa aneba. Chifukwa chiyani wathawa? Misomali yafupika, kapena alamu akupukusa ngati akuthamangitsidwa ndi njati?

Lachinayi

Pafunika chimango cholimba. Ndikutenga nsichi ndi nsungwi zimene akazi anga, amake Lute, adadula zoti ndipingase pakhoma la khitchini, iwo amate. Akundiyang'ana osaphethira. “Mwera ukundizimitsira moto, inu muli pa njinga yosapita kulikonse.” Ndikuwalonjeza mpando ngati wa kusiteshoni. Akuti mpando suphika.

Lero mtengo sukuthawa. Tizipalapala tikutuluka topotana ngati tsitsi, fungo la mlombwa bwalo lonse. Koma mwendo ukunenepa kuno, kuwonda uko. Ndikakanikiza, chingwe chikuterereka. Ndikaleka, tchizulo ikungovina. A ku Joni amatani pamenepa?

Lachisanu

A Saidi ali kumzikiti. Wopukusa palibe. Ndikuyesa ndekha, dzanja lina pedulo, lina tchizulo. Chala chamagazi. Ndikupempha amake Lute. Avomera, koma akupukusa ndi mkwiyo wa dzulo, gudumu mpaka kuimba. Ha! Mtengo ukusalala bwino kuposa masiku onse! Ndiye chinsinsi ndi liwiro? “Limbikani, mayi!” Alimbikadi. Tcheni thyoo! Gudumu lakhota, masipoko atatu alendewera.

Mfundo imodzi yatuluka. Imodzi yokha, koma yokongola zedi.

Loweruka

A Saidi afika ndi dengu la usipa. Akuyang'ana njinga, akuyang'ana ine. Sakukalipa, bola akadakalipa. Angoti, “Alamu, nkhata muli nayo?”

Dengu pamutu panga, njinga paphewa, iwo kumbuyo manja m'thumba, kupatsa moni aliyense wa m'njira ndi kumufotokozera. Mpaka ku Salima. Khosi langa! Wokonza njinga akufunsa ngati idagundidwa ndi sitima. Ndikumufotokozera za makina, akuseka mpaka kukhala pansi. Komabe ndaona kanthu: mwala wake wonolera amaupondera ndi phazi. Phazi! Manja onse awiri n'kukhala omasuka. Ndikuuza a Saidi. Akuti ndikayesere pa njinga ya munthu wina.

Lamulungu

Khosi silikutembenuka. Kutchalitchi ndikuyang'ana abusa cham'mbali. Njinga yatsala ku Salima, a Saidi akuti akaitenga izigona m'chipinda mwawo.

Pobwera ndikupeza amake Lute akusinja tsabola mu kamtondo ndi mwendo wanga uja. Mfundo ija akuti ndi pogwirira pabwino. Amayi awiri a kuseri afunsa kale ngati ndingawasemereko yawo.

Mawa nsungwi zibwerere kukhitchini. Mipando yanga ikhala ya ngodya zinayi monga kale. Munthu akakhala pampando miyendo saiona.